Mwera unatidikirira pa Nchalo

Mlandu wonsewu ndi wanga, ndipo ndiyambe n'kuuvomera. Ndine ndinasankha mwezi, ndine ndinasankha msewu, ndinenso ndinatsimikizira anzanga kuti tikangotsika mapiri a Chikwawa ntchito yatha. Kotsalako, ndinatero ine, n'kungokhala pachishalo, njinga izidziyendera yokha mpaka pa Bangula.

Ndife kagulu ka anthu amene timakumana Loweruka m'mawa ku Blantyre n'kupalasa njinga, lero ku Chileka, sabata inayo ku Bvumbwe, tikalimba mtima mpaka kuminda ya tiyi ku Thyolo. Muli mphunzitsi wopuma ntchito amene timangomuti tcheyamani, muli nesi, muli anyamata awiri a kukoleji amene miyendo yawo sidziwa kutopa, ndiye pali ife a m'maofesi amene adokotala anatiopseza ndi BP. Itabuka nkhani yoti tiyeseko ulendo wautali, wina anati tipite ku Chigwa cha Shire mu Okutobala. Ndinaseka mpaka misozi. Okutobala ku Chigwa? Kumene kutentha kumapitirira madigiri 40, mbuzi n'kumalimbirana mthunzi wa lole yoima? Ndinati tipite mu Julayi kukuzizira, ndipo panalibe wotsutsa, poti kwathu ndi konko. Ndinabadwira kufupi ndi Bangula. Bambo anga ankagwira ntchito m'minda ya nzimbe ku Nchalo nthawi imene kampani inkatchedwa SUCOMA, ndipo msewu wochokera kumeneko kupita kumudzi ndinauyenda panjinga kosawerengeka ndili mwana. Ndinauza anzanga kuti mlambe uliwonse wa mumsewu umenewo umandidziwa.

Pulani inali yokoma pakamwa. Makilomita pafupifupi 130, kunyamuka 5 koloko, kufika pa Bangula 2 koloko masana, kusamba, kenako kubwereka bwato kukaona mbalame ku Elephant Marsh dzuwa lisanalowe. Dambo limenelo analitcha dzinali ndi David Livingstone mu 1859 ataonako njovu zimene anati zinalipo 800. Lero njovu kulibe, ukazifuna upite ku Majete, koma mbalame, mvuu ndi ng'ona zilipo, ndipo nesi anali atabwereka kale kamera.

Tinanyamuka kudakali mdima, tilipo 9, kumbuyo kukubwera pikapu ya mlamu wake wa tcheyamani itanyamula zikwama ndi zigubu za madzi. Kuzizira kwa Julayi ku Blantyre kumaluma zala, moti podutsa pa Milare ndi ku Mpemba aliyense anali atadzikuta jekete, mphuno zikuchucha. Oyamba kukumana nawo anali a makala. Iwo amakwera ife tikutsika: njinga itasenza matumba atatu, ina anayi, osanjikizana mpaka kupitirira mutu wa mwini wake, munthuyo akukankha ndi chifuwa, thukuta kamukamu m'kuzizira komweko. Ankangotiyang'ana ndi tinyali tathu tothwanimathwanima. Mmodzi yekha ndiye anafuula, "Mpikisano?" Tcheyamani anati, "Ayi achimwene, kungoyenda chabe." Munthuyo anagwedeza mutu n'kupitiriza kukankha.

Kunatichera pa Kamuzu View. Amene anaimapo akudziwa: chigwa chonse chili pansi apo ngati mphasa yoyala, mtsinje wa Shire ukunyezimira mokhotakhota, patali minda ya nzimbe ili biriwiri pamene dziko lonse lozungulira lili mbuu. Blantyre ali pamtunda wopitirira mamita 1,000, Chikwawa ali cha m'ma 100, ndipo mbali yaikulu ya kusiyana kumeneko umaitsika m'makilomita ochepa a makona okhaokha. Tcheyamani anaika lamulo: palibe womudutsa iye mpaka pa Thabwa, ndipo tiima kamodzi pakati kuti malimu azizire, chifukwa ukafinya mabuleki osalekeza limu limatentha mpaka chubu kuphulika. Anyamata a kukoleji anang'ung'udza. Titaima, mmodzi wa iwo anakhudza limu lake n'kuchotsa chala msangamsanga ngati wagwira mphika wa pamoto, ndipo sanang'ung'udzenso.

Potsika pali malo amene mpweya umasintha mwadzidzidzi, ngati wina watsekula chitseko cha khitchini. Makutu amatsekeka n'kutsekuka. Fungo limakhala la fumbi, utsi ndi ndowe za ng'ombe. Ine fungo limenelo likandipeza ndimadziwa kuti ndafika. Pa Thabwa majekete onse anali atalowa mu pikapu, ndipo wapolisi wa pa rodibuloko atamva kuti tikupita ku Bangula anayang'ana pikapu, n'kuyang'ana ife, n'kufunsa mwaulemu ndithu kuti, "Galimotoyi yawonongeka?"

Pa mlatho wa Kamuzu ndinasanduka wolondolera alendo. Ndinaloza kumtunda kumene kuli Kapichira, n'kuwakumbutsa kuti mdima uja tinkadandaula nawo m'tauni chaka chathunthu unachokera kumeneko, namondwe wa Ana ataphwasula damu mu Januwale 2022 n'kuchotsa pafupifupi mamegawati 130 a magetsi. Anthu a m'tauni Chigwa timachikumbuka magetsi akazima, kapena wailesi ikanena za madzi osefukira, basi. Ndinawauza za Amakololo amene anabwera ndi Livingstone n'kutsalira kuno, amene maina awo ndiwo aufumu mpaka lero, a Kasisi, a Maseya, a Katunga, a Mlilima, pakati pa Amang'anja a kwa Lundu. Ndinalankhula kwambiri m'mawa umenewo. Pa Dyeratu tinamwa tiyi ndi mandasi, ine ndikulankhulabe.

Kuchokera pamenepo mpaka kufupi ndi Nchalo zonse zinkandichitira umboni. Msewu uli see, wopanda kachitunda ngakhale kamodzi, dzuwa lofunda bwino, tiwotchi ta pamahandulo tikuonetsa makilomita 28 pa ola. Ndipo tisadzinamize kuti tinabweretsa njinga ku Chigwa. Kuno njinga ndi basi, ndi ngolo, ndi ambulansi. Tinadutsa bambo atamangirira mbuzi pakaliyala, mbuziyo ikulira ngati ikudziwa kumene ikupita. Tinadutsa mayi atabereka mwana, thumba la chimanga pafelemu, akupalasa chitenje osasuntha. A kabaza ena ankatithamangitsa kuti aone ngati angatipose, wokwera wawo atagwiritsa chishalo, maso ali tong'o. Ana a pa Bereu anatithamangira akukuwa kuti "Azungu! Azungu!" chonsecho tonse ndife akuda bii, ine kuposa onse. Uzungu wake unali zipewa zolimba zija, magalasi, ndi makabudula othina amene kunena zoona sayenera kuonekera pamaso pa apongozi. Nesi anali wochenjera: anamangirira chitenje pamahandulo, akangotsika panjinga n'kuchivala.

Tsoka linayamba ndi mthunzi. Titadutsa mphambano yopita ku Lengwe, mmodzi wa anyamata aja anapatuka kuti akajambule chithunzi pansi pa mtengo, osadziwa kuti pansi pa mitengo ya ku Chigwa mwini malo ndi minga. Matayala onse awiri anaphwa. Chubu chapadera anali nacho chimodzi, china tinamubwereka, ndipo chobwerekacho chinaphwanso tisanafike pa Nchalo chifukwa kamunga kanatsalira m'tayala. Tinakankha mpaka kwa okonza njinga wina pansi pa mtengo, kufupi ndi msika.

Anali bambo wachikulire, zida zake zili m'kabokosi kathabwa: masipanala awiri, lumo, kachidutswa ka sowo kopalira chubu, kabotolo ka solushoni, ndi beseni la madzi akuda ngati khofi. Asanagwire tayala anayamba wanyamula njingayo ndi zala ziwiri, n'kuitsitsa, n'kuinyamulanso.

"Imeneyi imanyamula chiyani?"

"Munthu basi, madala," anatero mnyamata uja.

"Munthu yekha? Ngakhale nkhuku ayi?"

Mtengo wake sanafunse, ndipo ndinathokoza mumtima, chifukwa ukanatha kugula ng'ombe. Anamiza chubu m'beseni, kuchitembenuza pang'onopang'ono mpaka tithovu titatuluka, n'kubaya kamtengo pabowopo kuti pasasowe. Anapala, kupaka solushoni ndi chala, kuuzira, kudikira. Chigamba anadula kuchubu chakale. Kenako anayendetsa chala m'kati mwa tayala monse, maso atatseka, mpaka anatulutsa kamunga kochepa ngati nsonga ya singano n'kukaika m'dzanja la mwini njinga. Pampu yake sinagwire pa valavu yathu yopyapyala, tinapopa ndi yathu. Akutsuka m'manja anafunsa kumene tikupita, ndipo nditamuuza anayang'ana nsonga za nzimbe kutsidya kwa msewu.

"Bangula? Mukanadutsa pano kusanache. Mwera wadzuka kale."

Ndinamuyankha kuti msewuwu ndimaudziwa, kwathu ndi komweko. Iye anangoti, "Chabwino bambo, muyende bwino." Paja ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Inali itadutsa 11 koloko pamene tinatuluka m'Nchalo, fungo la shuga wophikidwa likutiperekeza, phulusa la nzimbe zowotcha likutigwera pamikono. Nyumba zitangotha, mphepo inatimenya pachifuwa. Mwera umachokera kummwera chakum'mawa miyezi yozizira, ndipo Chigwa chinagona moloza komweko, ndiye mphepoyo imakwera nacho ngati madzi mumpopi. Wopita ku Bangula amakumana nayo maso ndi maso. Phiri n'labwino, umaona pothera pake, ndipo ukafika pamwamba limakubwezera ndi chitsetse. Mwera subweza kanthu. Msewu uli see ngati kale, maso akukuuza kuti uyenera kuthamanga, koma kawotchi kakuti 14, kenako 12. Umatsitsa giya ngati uli pachitunda chonsecho chitunda palibe. M'makutu muli phokoso lokhalokha, mnzako akalankhula umangoona milomo. Malole a nzimbe akadutsa umapuma kamphindi kamodzi m'mphepo yawo, kenako mwera n'kukubwezera mbama.

Gulu linabalalika. Anyamata anathawa kutsogolo, awiri a m'maofesi anatsalira kutali, ndipo pofika pa Miseu Folo tinali tayamba kuyankhana mokalipa. Wina anafunsa mokweza kuti kodi amene anati njinga izidziyendera yokha ali kuti. Tcheyamani, amene anaphunzitsa Sitandade 8 zaka zambiri, anatiimitsa m'mbali mwa msewu n'kutifoletsa ngati ana asukulu. Mzere umodzi, tayala lako lakutsogolo kufupi ndi tayala lakumbuyo la mnzako, osasuzumira kumbali. Wakutsogolo adule mphepo mphindi ziwiri, apatuke, abwerere kumchira, wotsatira atenge malo. Tinkazidziwa zimenezi, timazichita mwamasewera popita ku Chileka, koma tsiku limenelo m'pamene ndinamva m'ntchafu kusiyana kwake. Ukakhala kumbuyo kwa mnzako phokoso limachepa, mapedulo amafewa, umatha kumwa madzi. Ikafika nthawi yako yotsogola zimakhala ngati wina wakukoleka thumba la simenti.

Madzi a m'zigubu anatha tisanafike pa Ngabu, poti mphepo imaumitsa kukhosi kuposa dzuwa. Tinatunga pamjigo wina, amayi atatipatsa mpata, ndipo anzanga atalawa anakwinya nkhope. Mijigo yambiri ya ku Chigwa madzi ake ndi amchere. Zimenezo ndiye ndinkazidziwadi, koma ndinaiwala kuwauza. Pa Ngabu tinadya nsima ya nyama yambuzi mwakachetechete, ngolo za thonje zikudutsa panja. Awiri anakweza njinga zawo mu pikapu, ndipo palibe anawaseka. Za bwato ndi mbalame palibe anazitchulanso.

Ine ndinathera patsogolo pa Ngabu. Ntchafu yakumanja inayamba kukokana, kenako yakumanzere, ndipo nditatsogola mphindi zanga ziwiri ndinalephera kugwiranso mchira wa mzere. Mpata unali mita imodzi, n'kukhala khumi, kenako anzanga anasanduka timadontho. Mlamu wa tcheyamani anayandikiza pikapu n'kunditsegulira chitseko. Ndinakana. Kukafika kwathu nditakhala pamwamba pa zikwama, njinga ili chagada pambali panga? Ndinamuuza kuti atsogole, ndibwera.

Ndinapalasa ndekha mwina theka la ola, mutu uli pansi, ndikuwerenga mizere yoyera ya pamsewu. Kenako ndinamva kulira kwa tcheni chouma kumbuyo kwanga, kwii, kwii, kwii, ndipo inandidutsa njinga yakuda yakalekale, yopanda magiya, pedulo limodzi latsala chitsulo chokha. Ankapalasa bambo wowonda, wovala malaya oyera otuwa ndi patapata. Pakaliyala panali kamnyamata ka zaka ngati zisanu, katakhala pakatsamiro ka chiguduli, mapazi ali lendelende. Ndinachita zimene thupi linaphunzira tsiku limenelo: ndinadziponya kumbuyo kwawo n'kumata tayala langa pafupi ndi lawo.

Bamboyo anacheuka n'kundilonjera m'Chisena. "Mwadokerwa, bambo?"

Ndinayankha ndi mpweya umene unatsala.

"Khalani kumbuyo komweko, musatuluke," anatero, n'kuweramiranso kutsogolo.

Ndiye kwa makilomita angapo zimene ndinkaona ndi msana wa munthu ameneyo ndi mwana wake. Malaya a bamboyo anali atafufuma ndi mphepo, akupupuma m'mbali ngati mbendera. Mapewa ankapita uku ndi uku, mitsempha ya m'miyendo ili tololo, ndipo mphepo ikakula ankadzuka pachishalo n'kupondereza ndi thupi lonse. Koma kamwanako, kumbuyo kwa msanawo, malaya ake sankagwedera n'komwe. Kanali ndi masawu m'thumba. Kankatulutsa limodzi, kulitafuna, kulavula nthanga, kundiyang'ana ine ndi chipewa changa, n'kutulutsanso lina. Kenako kanayamba kuimba kanyimbo kosamveka mawu. Patapita nthawi kanatsamiritsa tsaya pamsana pa bambo ake, dzanja limodzi litagwira lamba, maso n'kuyamba kulemera.

Msewu umene ndinkauza anzanga kuti ndimaudziwa ndinaudziwira pamenepo, pakaliyala. Bambo anga anali ndi njinga ya Humber yakuda, ndipo ndikapita kukacheza kwawo ku Nchalo nthawi ya tchuthi, pobwerera kumudzi ankandikweza kumbuyo, makilomita oposa 50, msewu nthawi imeneyo uli maenje okhaokha. Ndimakumbuka milambe imene ndinkawerenga, nzimbe imene ankandisendera pa Ngabu, fungo la sopo ndi thukuta pamalaya awo, ndi chitenje cha mayi chimene ankandimangira nacho m'chiuno mwawo kuti ndikagona ndisagwe. Mphepo sindiikumbuka ngakhale pang'ono. Chimene ndimakumbuka n'chakuti bambo sankalankhula panjira. Ndinkawafunsa mafunso, iwo n'kumangoti "mm", ndipo ndinakula ndikuganiza kuti anali munthu wosakonda kucheza ndi ana. Tikafika ankakhala pakhonde, mapazi m'beseni, osayankhula ndi aliyense mpaka mdima, mayi n'kumatikankhira kuseri kuti tisawasokose. Anamwalira ndili ku sekondale, ndisanapalasepo msewu umenewu ndi miyendo yanga.

Sindinalire, madzi m'thupi munalibe. Ndinangoyang'anitsitsa tayala lakumbuyo la Humber ya eni ake, kaya inali Phoenix, lomwe linali lokhota pang'ono moti linkavina.

Pa Sorgin bamboyo analoza kanjira kolowera kumanzere n'kuchepetsa liwiro. Ndinati, "Takhuta, baba," mawu othokoza a Chisena amene ndinali ndisanawatchule zaka zambiri. Anakweza dzanja osacheuka, kuopa kudzutsa mwana. Mwera unandilandiranso, koma patsogolo pang'ono, pansi pa mlambe, ndinapeza gulu lonse litakhala pansi kundidikira. Tcheyamani anali atakana kuti wina aliyense alowe m'Bangula mwini mudzi asanafike. Anyamata awiri a kukoleji aja anasinthana kutsogolo njira yonse yotsalayo, ine atandiika pachitatu, ndipo palibe anandipempha kuti nditsogole.

Tinalowa m'Bangula dzuwa litafiira, itadutsa 5 koloko. Ndinalibe mphamvu zowaonetsa njanji yopita ku Chiromo imene madzi anaidula mu 1997, kapena kuwatengera ku Mtayamoyo kumene anthu amakweza njinga m'maboti kuti awoloke. Anzanga anapita kumalo ogona alendo, ine ndinakankha njinga kupita kwa azakhali, mlongo wawo wa bambo, amene ndinawauza kuti ndifika masana.

Ndinawapeza akupeta mapira pakhomo. Anandiyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato, n'kuima nthawi yaitali pa kabudula.

"Iwe, galimoto ija unagulitsa?"

Ndinati ilipo, ndangofuna kubwera panjinga.

"Kuchokera ku Blantyre? Mwezi uno?" Anaitana mdzukulu kuti abweretse mpando ndi chitenje choti ndifunde m'miyendo anthu asanayambe kubwera kudzandilonjera.

Nditamwa thobwa makapu awiri ndinawafunsa ngati bambo ankadandaulapo za mwera akamachokera ku Nchalo. Azakhali anaseka.

"Achimwene? Mwera ankauthawa iwo aja. Akakhala okha ankanyamuka tambala woyamba, pofika kuno ife tisanasese pabwalo. Koma akakhala ndi iwe ankadikira dzuwa likwere kaye, ati mwana angazizidwe, paja unali ndi chifuwa. Ndiye ankafika madzulo ngati wafikamu, atatheratu."

Anabwerera ku lichero lawo. Kenako anakweza mutu n'kuitananso mdzukulu uja.

"Tenthetsa madzi, ubweretse m'beseni lalikulu lija. Uthiremo mchere pang'ono."